Kalata Imene Ndinaisomeka Kudenga

Anzanga, Gilford ndinakumana naye pachipata cha msika wa ku Mangochi, chaka cha 1978. Ndinali ndi zaka 17, dengu la usipa pamutu, khadi ya chipani nditaiwala kunyumba. Masiku amenewo wopanda khadi sankalowa mumsika.

"Khadi," anatero mnyamata wapachipata.

Ndisanatsegule pakamwa, wina kumbuyo kwanga anati, "Lizzie, kuiwala kwakoku tidzakupititsa kwa sing'anga. Wasiyanso khadi yako patebulo." N'kundiika m'manja. Ameneyo ndiye anali Gilford, khadiyo inali ya mlongo wake.

Titalowa ndinamubwezera. "Ine ndine Ajira. Lizzie wanuyo mukamupatse moni."

"Ndiye Ajira, zikomo sumamudziwa?"

"Mukafuna zikomo, gulani usipa."

Anagula, usipa umene sanatumidwe.

Iye anali wa Sitandade 8, mwana wa aphunzitsi ochokera ku Ntcheu amene ankaphunzitsa kufupi ndi kwathu ku Malindi. Mkhristu. Ine mwana wa msodzi, Msilamu, ndipo m'kalasi sindinapondemo. Bambo ankati mwana amapita kusukulu ali Msilamu n'kubwerako atadya nkhumba. Mpaka lero sindiwerenga, ndipo musandimvere chisoni, ndamanga nyumba ya malata popanda cholembera. Amene akundilembera izi ndamuuza kuti asasinthe liwu ngakhale limodzi.

Koma Gilford sindinamuuze kuti sindiwerenga.

Ankakonda kulemba mnyamata uja. Sabata iliyonse kapepala kong'amba m'kope, kopinda bwinobwino ngati mpango. Ine kulandira, kununkhiza, kuika pachifuwa.

"Wawerenga, my dear?"

"Ndawerenga."

"Ndiye ukuti bwanji?"

"Mumachulutsa mawu, a Gilford. Munthu wanzeru amanena ndi pakamwa."

Iye kuseka, n'kundibwerezera zonse ndi pakamwa, tili pamthunzi wa mango kuseri kwa chigayo. Chinyengo changa chinayenda choncho miyezi isanu ndi itatu. Ndinkaopa kuti akadziwa adzandiona ngati mbuli, iye amene ankayenda ndi atsikana a yunifolomu. Mzimu wanga unali wokonzeka kupirira chilichonse, koma osati kusekedwa.

Inali miyezi yokoma, anzanga. Ankandikweza panjinga ya bambo ake, belu likulira lokha m'mabampu. Ndinamuphunzitsa Chiyao, iye n'kumachiphwanya mpaka ine misozi ndi kuseka...

Kenako mwezi unandidutsa. Wachiwirinso.

Nditamuuza anakhala pansi, manja kumutu. Nthawi imeneyo mwana wasukulu akatchulidwa pamimba, sukulu inkathera pomwepo, ndipo iye mayeso anali pafupi.

"Usanditchule kaye," anatero. "Undipatse nthawi. Ndine siriyasi, Ajira."

Kunyumba zitadziwika, a malume anga a Uladi anandikhazika pamphasa masiku atatu.

"Mwini wake ndani?"

"Sindikumudziwa."

"Unali mtulo?"

"Mwina."

Mbama ndinalandira, dzina sindinapereke. Kuyambira pamenepo a malume ankandilondola ngati mbuzi yoba, ngakhale kumsika amakhala pambali panga.

Lolemba lina Gilford anabwera ngati wogula. Sanandiyang'ane kumaso. Anasankha usipa, n'kulowetsa kapepala pansi pa dengu, a malume akucheza ndi mnzawo. Ananong'ona liwu limodzi: "Uwerenge."

Mtima wanga unati basi, wandikana. Munthu wobwera ndi nkhani yabwino sabisa maso. Ndikanatha kupita kwa Keti, mnzanga wa Sitandade 6, koma Keti pakamwa pake panali ngati wailesi, ndipo dzina la Gilford likanafika kusukulu dzuwa lisanapendeke. Komanso, kunena zoona, sindinkafuna munthu andiwerengere kukanidwa kwanga. Kalatayo ndinaisomeka muudzu wa kudenga. Ndinati ikhale momwemo ndi mbewa.

Loweruka ndinamva kuti aphunzitsi a ku Ntcheu alandira thiransifa, asamuka dzulo lake pa lole ndi banja lonse. Ndinati ndinanena ine. Sindinalire pamaso pa munthu.

Patapita masabata atatu ndinapita kusikelo. Namwino wake anali mayi wachilendo, wa ku Rumphi, wosadziwa aliyense kwathu. Atamaliza kundipima ndinatulutsa kalata ija, itada ndi mwaye.

"Mayi, maso akundiwawa. Tandiwerengerani."

Anandiyang'ana, n'kuwerenga:

"Ajira wanga, ndawauza amayi zonse. Akalipa, koma akuti mdzukulu wawo sangamusiye. Tikusamuka Lachisanu m'mawa. Lole idzaima pamlambe wa pamsewu, ubwere ndi zovala zokha, za akwanu bambo adzabwera kudzakamba. Ukapanda kubwera ndidzadziwa kuti wasankha kwanu ndi chipembedzo chako, ndipo sindidzakuvutitsanso."

Anzanga, Lachisanu limenelo ndinadutsa pamlambe paja dzuwa lili pamutu, ndikupita kotunga madzi. Ndinaona mizere ya matayala a lole mumchenga, ndinaiponda.

"Mwana iwe," anatero namwino, "tiye tifunse komwe apita. Ndikulembera ine. Ungomuuza kuti sudziwa kuwerenga."

"Ndani wakuuzani kuti sindidziwa?"

Ndinatenga kalata yanga n'kutuluka.

Ndinkati ngati amandikondadi abwera yekha. Iyenso kumeneko ankati ndamukana. Mnyamata uja anali wosunga mawu, sanandivutitsenso.

Mwana anabadwa wamkazi, Dinala, ndi mpata wa m'mano wa bambo ake. Ndinakwatiwa pambuyo pake, kawiri konse, ndipo amuna onsewo ndinawauza tsiku loyamba kuti pepala ndi ine sitidziwana. Palibe amene anaseka. Icho ndicho chimandiwawa.

Gilford ndinamupatsa thupi langa, ndinamulandirira mbama za a malume, koma mawu awiri okha ndinamumana: sindidziwa kuwerenga.