Mayeso Amene Likodzo Linandilanda

Dontho loyamba la magazi ndinaliona mu Epulo, ndili kwathu ku Liwonde patchuthi. Linabwera kumapeto kwenikweni kwa mkodzo, popanda ululu uliwonse. Inali nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasalande, ndili m'chaka chomaliza ku sekondale, pamene ana a kwathu ofika kumeneko tinkawerengeka ndi zala.

Ndinakawauza amalume, amene ankandilera chimwalirire bambo anga. Anaseka mpaka kugwira nthiti. "Wakula, mphwanga! Mwamuna wa m'mbali mwa Shire amene sanakodzepo magazi ndani? Ine ndemwe ndinadutsa momwemo." Ndinachoka pamenepo ndikudzimva kuti ndine mwamuna.

Mtima wanga masiku amenewo unali pa buku limodzi. Aphunzitsi athu a masamu anandibwereka buku lokhuthala la masamu a chiwerengero, maphunziro a kukoleji amene pasukulu pathu sankaphunzitsidwa. Anandilembetsa mayeso ake, ochokera kunja, oti ndilembe mu Novembala. Anandiuza poyera kuti mwayi ndi womwewo, chifukwa mayesowo ankalemba okhawo amene akadali pasukulu, ndipo wokhoza akanatha kupita kukoleji kunja kwa Nyasalande. Ndinkaphunzira ndekha, popanda wofunsa.

Amene anakhalako ku Liwonde akudziwa kutentha kwake. Ukatsegula buku masana, tulo timakugwira ngati wamwa mowa. Ndiye ndinatengera nzeru ya ana asukulu yoviika mapazi m'madzi. Anzanga ankachita m'beseni, koma ine, wochenjera uja, ndinapeza mwala pansi pa mtengo m'kamtsinje kodikha kothira mu Shire. Ndinkakhala pamenepo tsiku lonse, madzi m'mawondo, buku pamiyendo, tinkhono tikuyenda pamwala womwewo.

Bukulo linali ndi ntchito yoti wophunzira asonkhanitse yekha chiwerengero cha chinthu china kwawo. Ndinafunsa anyamata onse osamba padoko lathu ngati amakodza magazi, n'kumalemba timizere m'kope. Ovomera anachuluka kutalitali. Ndinajambula tchati chokongola, pansi pake n'kulemba ndi dzanja langali kuti chinthu chimene ambiri ali nacho ndicho chibadwa cha anyamata a kuno. Ha! Ndinadzipusitsa ndekha, ndi masamu omwe.

Patchuthi cha Ogasiti magazi anachuluka, pokodza pakuotcha. Msana unkawawa cham'munsi, ndipo kabudula wanga wa sukulu anayamba kukhwepa. Ndinabwerera pamwala paja. Mu Okutobala, ndili kusukulu, ndinayamba kutulutsa magazi oundana, thupi likutentha, ndipo tsiku lina ndinagwa pamzere wa m'mawa. Ananditumiza kwathu. Amalume atandiona sanaseke. Anandikweza panjinga, tinaoloka Shire, mpaka pachipatala cha mishoni cha kufupi ndi Balaka.

Amene anandilandira anali a Mbewe, dresala wamkulu wothandiza dokotala, munthu wa mawu ochepa. Anandipatsa kabotolo koti ndikodzeremo dzuwa lili paliwombo. Atayeza, anandiitana kuti ndisuzumire ndekha pa makina oonera tizilombo, poti ndinali mwana wasukulu. Ndinaona timazira tosongoka kumapeto, tambirimbiri. "Likodzo ili, achimwene," anatero. "Lakhalitsa, ndipo lafika poononga chikhodzodzo."

Mankhwala a nthawi imeneyo sanali mapiritsi a lerowa. Anali jakisoni wa mumtsempha, tsiku lina kubaya, tsiku lina kupuma, kwa milungu inayi. Belu likalira m'mawa tinkandanda pabenchi, mikono ili pamtunda. A Mbewe ankakankha mankhwalawo pang'onopang'ono, ndipo asanazule singano chifuwa chinkayamba, kenako kusanza, kenako mfundo zonse kuphwanya. Ukatero unkagona chagada osatakataka mpaka madzulo. Buku ndinabwera nalo, koma manambala ankasambira m'maso.

Ndinawerenga masiku pakhoma. Jakisoni womaliza ankagwa patatha masiku asanu ndi limodzi mayeso atalembedwa. Ndinawachonderera a Mbewe kuti andibaye tsiku ndi tsiku tithane nazo msanga. Anati, "Iyayi. Mankhwala awa akawirikiza amaimitsa mtima." Ndinati andilole ndipite ndikalembe, ndidzabwera. Anandiuza kuti ndiyende kaye kukafika pachitsime. Sindinafike ndi pakati pomwe, anachita kukanditola. Pondigoneka anati, "Mukanabwera mu Epulo, bwenzi mutachira mu Meyi."

Tsiku la mayeso ndinabayidwa monga mwa nthawi zonse. Ndili chigonere ndinamva sitima ikulira pa siteshoni ya Balaka, ulendo wa ku Limbe, kumene ndikanakalembera mayesowo. Ndinafunda bulangete kumutu n'kulira ngati pamaliro, ine mnyamata wamkulu, odwala anzanga akumva. Palibe anandiletsa. Madzulo ndinawaonetsa a Mbewe kope lija, sindikudziwa chifukwa chake. Anayang'ana timizere tanga nthawi yaitali, kenako anati, "Kuwerenga munawerenga bwino. Koma awa si anyamata okula ayi, awa ndi odwala anga amene sanabwere."

Ndinatuluka mu Disembala, mkodzo uli woyera. Kopelo amalume analitenga, n'kuyenda nalo khomo ndi khomo, ndipo dzinja lomwelo anaperekeza anyamata angapo kuchipatala panjinga yawo ija. Za kukula sanadzazitchulenso. Kupepesa sanapepese ndi pakamwa, ndipo ine sindinawakakamize, poti tchati chija sanajambule ndi iwo.

Mu Januwale aphunzitsi aja ananditumizira pepala la mafunso amene ndikanalemba. Ndinakhala pakhonde, amalume atagwira wotchi yobwereka, ndipo ndinamaliza nthawi isanakwane. Aphunzitsi atachonga anabweza ndi mawu awiri okha ofiira: "Ukanakhoza, mwananga." Bola akanangokhala chete. Kukoleji sindinapite. Ndinakhala mphunzitsi wa pulayimale kwa Kawinga mpaka kupuma ntchito.

Lero ndakalamba, ndipo kupatula mawondo ndilibe dandaulo. Likodzo silinabwererenso, chifukwa m'madzi odikha sindinapondemonso. Pepala lija ndimasunga m'sutikesi, inki yofiira inazilala, koma ndikalitulutsa limandipwetekabe.

Ana anga, ndi inu olera ana, magazi mu mkodzo si kukula. Musafunse kuti ndi angati ali nawo, ngakhale mudzi wonse utavomera. Pitani kuchipatala sabata yomweyo, poti lero ndi mapiritsi a tsiku limodzi. Ine kuyambira mu Epulo mpaka Okutobala chipatala chinali pomwepo, njinga inalipo, ndipo ndinali pamwala, mapazi m'madzi, ndikuwerenga.