Thabwa la a Muhiwa

Pepani kuti munthu ngati ine, amene sukulu yake ndi ya kumudzi, ndayerekeza kulemba. Nkhaniyi yandikhala pamtima kwa nthawi yaitali, ndiye mundilole ndiinene momwe ndingathere.

Ndikukumbukira kagolosale ka a Makwinja, kumapeto kwa nyumba za antchito pa esiteti ya tiyi kwathu ku Thyolo, m'zaka zoyambirira za m'ma 2000. M'kachipinda kakuseri munali TV yaing'ono yoyendera batire ya galimoto, ndi gemu imodzi ya kamunthu kothamanga, kodumpha maenje. Munkanunkha parafini ndi masamba a tiyi omwe tinkabwera nawo m'zovala. Loweruka ankatseka chifukwa cha Sabata, ndipo Lamulungu tinkadzazamo mpaka khoma kuchita thukuta.

Mapadi ogwira m'manja, omwe anabwera ndi gemuyo, sanachedwe kuthyoka. Amene anatipulumutsa anali a Muhiwa, mkulu amene anakalambira m'fakitale akukonza makina. Iwo sanakonze mapadiwo. Anapanga chinthu chawochawo pa thabwa la mkungudza. Kuti kamunthu kayende, unkakankha kandodo ndi chikhatho. Kuti kadumphe, unkaponda chopondera cha makina osokera. Kuti kaombere mfuti, sunkadina batani koma unkakoka kawaya m'mwamba ndi zala za kumanzere, monga timathyolera nsonga ya tiyi.

"Zala za kuno zinazolowera kuthyola," ankatero a Muhiwa. "Zodinadinazo n'za m'maofesi."

Koma chifukwa chenicheni tonse tinkachidziwa. Achimwene anga a Yohane anali atadulidwa zala za kumanja ndi makina a m'fakitale, ndipo chichokereni kuchipatala ankangokhala pakhonde, dzanja lili m'thumba. A Muhiwa anawayeza chikhatho ndi kachingwe asanayambe kusema kandodo kaja. Pa thabwa lija a Yohane panalibe wowaposa. Phazi linkagunda, thabwa likulira kwichi kwichi, ndipo ndi pokhapo pomwe ndinkawamva akuseka.

Mkangano unayamba atabwera Dalitso, mwana wa mlongo wawo wa a Makwinja, amene ankaphunzira ku Limbe. Ataliona thabwalo anakhala pansi ndi kuseka.

"Malume, iyi ndi gemu kapena mukusoka malaya?"

Anyamata anagawikana. Ena ankati tikapita kukasewera gemu ku Bvumbwe timachita manyazi, chifukwa mapadi enieni sitiwadziwa kagwiridwe kake. Ena ankati thabwa silithyoka. Dalitso ankati akuluakulu azikonza mawailesi, za magemu azisiyira achinyamata. A Muhiwa ankangomvetsera, akupukuta kawaya kaja ndi kansalu ka mafuta.

Ine ndinali wamanyazi, wosafuna kukhumudwitsa aliyense, komabe tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwapempha a Makwinja kuti thabwalo lisachoke. Anandisisita kumutu.

"Polumikizira pa gemuyi ndi pamodzi pokha, mwanawe. Ndipo anzako akufuna zatsopano."

Mapadi atsopano anafika Lachisanu masana, akunyezimira m'pulasitiki. A Muhiwa anamasula okha mawaya awo, mosamala ngati akuchotsa bandeji pachilonda. Dalitso, mosaganiza zoipa, anapereka padi kwa a Yohane kuti katswiri ayambe ndiye. Achimwene anailandira ndi dzanja lamanzere. Anatulutsa lamanja m'thumba, naliika pamwamba pa timabatani ta padiyo, ndipo chikhatho chinatiphimba tonse pamodzi. Kamunthu kanathamanga n'kugwera m'dzenje loyamba lomwe. 

"Sewera iwe," anatero achimwene kwa ine, n'kutuluka.

Kunja kunali nkhungu ndi kamvula kowaza. Ndinawaona awiriwo akutsika m'kanjira ka pakati pa tiyi, a Muhiwa atasenza thabwa, achimwene atanyamula chopondera. Sanabwererenso m'kachipinda kaja. A Muhiwa anamwalira mvula isanathe, ndipo thabwa lawo linakhala chitseko cha khola la nkhuku.

Masiku ano golosale ija kulibe, ndipo ana amasewera pafoni, aliyense pakona pake, ndi zala ziwiri zokha. Palibe amene amayeza chikhatho cha mnzake. A Yohane tsopano ali ndi imvi. Mwana wawo akamasewera, iwo amakhala pambali pake, dzanja lili m'thumba. Koma kamunthu ka pafoni kakayandikira dzenje, ndimaona phazi lawo likuponda pansi.