Chigubu Chinaphunzitsa Mwana Wanga Kuyimba

Mwana wanga woyamba ali Sitandade 3 ankafunitsitsa kulowa kwaya ya kusukulu, yomwe inkakonzekera kukayimba ku Boma. Tsiku lina anabwera atatupa masaya. Aphunzitsi anamuuza kuti akapanda kusintha pofika Lachisanu, atsala. Vuto lake linali lakuti akamuuza kuti apite pamwamba, iye ankangokuwa. Nyimbo ili pomwepo, koma phokoso mpaka nkhuku kuthawa.

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6, za do-re-mi sindizidziwa. Ndinayesa kumuyimbira, wakhanda kumbuyo n'kudzuka. Nditayesanso, bambo ake, omwe ankasoka ukonde pakhonde, anati, "Amayi ake, ngati ndalakwa ingonenani, musandilange chonchi."

M'mawa mwake ndinamutengera mwanayo ku mjigo. Kwathu kuno mkazi sasuzumira m'chigubu kuti aone ngati chadzaza. Timamva ndi khutu, uku tikucheza. Chikakhala chopanda kanthu chimalira besi, ngati bambo wongodzuka kumene. Madzi akamakwera mawu amanka napyapyala, ndipo akafika pakhosi pa chigubu amangokhala ngati kamwana ka mphaka.

"Tseka maso," ndinamuuza, uku ndikupopa. "Uziyimba nacho. Komwe chikupita, nawe upite."

Ulendo woyamba anakuwa mpaka madzi anasefukira. Ndinakhuthulira m'ndowa n'kuyambanso.

Mayi wina woyanika usipa, yemwe anali pambuyo pathu pamzere, anagwira m'chiuno. "Asisi, tabwera kudzatunga kapena ku konsati? Enafe akhwangwala akutimalizira usipa pathandala."

"Pepani mayi, komaliza aka."

Kunali komaliza katatu. Ulendo wachinayi mwana uja anayambira pansi, kamlomo atakasongola, n'kumakwera pang'onopang'ono. Mayi aja anaiwala akhwangwala awo. "Iwe, fulumira, chigubu chakusiya m'mbuyo! Eya, pamenepo! Usakuwe!"

Mwana anatsegula maso. "Amayi, sichikukuwatu. Chikungowonda."

"Ndi zomwezo. Nawe uziwonda choncho."

Masiku otsalawo madzi ankatunga ndi iyeyo, osamutuma, mpaka miphika yonse m'nyumba inadzaza.

Lachisanu ndinali kuchapa pomwe ndinamuona akuthamanga mumchenga, nsapato zili m'manja.

"Anditenga! Mzere wachiwiri! Koma akuti yunifolomu ikhale yosita."

Ndinapukuta thovu m'manja, n'kupita kwa aneba kukabwereka simbi ya makala.