Lamba Amene Sindinaphunzire Kumanga

Ndivomere poyamba pomwe kuti mnzanga Fanuwelo anafera m'manja mwanga chifukwa cha sabata imodzi yokha imene ndinazemba maphunziro a usilikali. Inu owerenga, musafulumire kundimvera chisoni, yambani mwamva kaye.

Ndine mwana wa ku Santhe, ndinakulira m'chigafa cha fodya, koma mtima wanga unali pa mainjini. Thirakitala ya pa esiteti ikamalira patali, ndinkadziwa pamene ikudwala. Tsono nditamva kuti ku usilikali akufuna amakaniki, ndinati basi, Mulungu wandikumbukira. Ndinkadziona ndili chagada pansi pa magalimoto akuluakulu aja, manja ali bii ndi girisi, ndikuimba mluzu.

Kufika kumeneko, ha! Anatimeta mipala tonse, n'kutiuza kuti kaya ndiwe makaniki, kaya namwino, kaya wa mawailesi, uyambe wakwawa m'matope ngati wina aliyense. Zinandinyansa kwabasi. Ine ndabwerera sipanala, zokwawa ngati buluzi n'zachiyani? Fanuwelo, mnzanga wa ku Lukwa amene bedi lake linagundana ndi langa, ankangondiseka. Ankati, "Achimwene, chipolopolo sichifunsa satifiketi." Ine ndinkamuyankha kuti wa mfuti agwire mfuti, wa sipanala agwire sipanala.

Mpata wozembera unabwera wokha. Galimoto ya mkulu wina wotiphunzitsa inafa, ndipo anandiitana kuti ndikaione. Ntchito ya masiku awiri ndinaikoka sabata yathunthu, ndili phee pamthunzi wa mango, kumasula n'kumanganso zomwezomwezo. Sabata imeneyo anzanga ankaphunzira kuletsa magazi munthu akavulala. Pa mayeso ndinangotsanzira pamwambamwamba zimene wapatsogolo panga anachita, dzina langa n'kudutsa. Ndinadziyesa dolo, kalanga ine.

Patapita zaka anatitumiza kukasungitsa mtendere kudziko lina la nkhalango zowirira. Tsiku limene Fanuwelo anafa ndimalikumbukira ngati maloto. Unali m'mawa, nkhungu itakuta msewu. Galimoto yathu inazima pachitunda, ine n'kulowa pansi pake, Fanuwelo ataima pafupi kundilondera. Pachithaphwi cha m'mbali mwa msewu panadzaza agulugufe achikasu. Manja ankagwira ntchito, koma maganizo anali kwathu, ku mizere ya fodya yotalika mpaka kumene thambo lagwera, ku fumbi la pa Santhe tsiku la msika. Kenako mfuti zinalira kuchokera m'tchire, agulugufe onse n'kuuluka, Fanuwelo n'kugwa pambali panga penipeni.

Chipolopolo chinamulasa pantchafu. Anzathu onse anali kalikiliki kubwezera, ndipo wachipatala wathu anali m'galimoto ya kutsogolo, kutali. Panatsala ine. M'thumba mwa Fanuwelo munali lamba woletsa magazi, uja amakhala ndi kamtengo kopotokolera. Lambayo ndinamutembenuza uku ndi uku, mutu utaima. Ndiye manja anangochita zimene anazolowera kuyambira ubwana. Ndinakulunga lambayo pabala pomwepo, mofatsa, monga timamangira ndindi ya fodya kuti tsamba lisathyoke. Fanuwelo akabuula ndinkamasulako pang'ono. Abale inu, ndinkamasula! Chonsecho lamba ameneyu amamanga kumtunda kwa bala, n'kupotokola mpaka magazi ataleka, munthu alire asalire. Izi ndinazimva kwa wachipatala uja atafika, zonse zitatha kale.

Fanuwelo sanandikalipire. Anangoti, "Limbitsani, achimwene," kawiri, ndi mawu a munthu amene tulo tikumutenga. Ine ndinkaona ngati ndalimbitsa kale.

Usilikali ndinausiya. Lero ndimakonza njinga zamoto pa Santhe ndi kulima kamunda kanga. Masana, dzuwa likaswa mtengo, mphepo ikamagwedeza masamba m'chigafa, nthawi zina ndimamuona ataima kumapeto kwa mzere wa fodya, chisoti chili m'manja, akundiyang'ana mopanda mkwiyo. Ndikaphethira, pamangotsala kutentha kukuvina pamwamba pa dothi. Bola akanamabwera wokwiya.

Ndimamva ena akutsutsana, amvekere amisiri a ku usilikali asamawavutitse ndi maphunziro a nkhondo, n'kutaya nthawi ndi luso. Inenso ndinkatero, ndipo pakamwa panga sipankatopa. Koma kumene kuli nkhondo galimoto siifera m'galaja ayi. Imafera pamsewu, ndipo amene ali pafupi ndi wovulala ndi iweyo wa sipanala.

Chimene chimandilasa mtima koposa ndi mayi ake a Fanuwelo. Anangouzidwa kuti mwana wawo sanafe yekha, panali mnzake wa kuno kwathu amene anamumanga bala. Chaka chilichonse akakumba mtedza amabwera kuchokera ku Lukwa ndi kathumba, kudzandithokoza. Chaka chino anagwira manja anga onse awiri, n'kuwayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Anakuphunzitsani bwino kumeneko, eti mwanangu?"

Ndinati, "Eee, amayi, anaphunzitsa bwino."

Sindinaname. Anaphunzitsadi, ine ndi amene kunalibe. Inu owerenga, makamaka inu a luso la manja amene mukufuna kuvala yunifolomu, kwawani m'matopemo ndi anzanu, ndipo musaphonye ngakhale tsiku limodzi. Musadzalandire mtedza ngati umene ndimalandira ine.