Mlamu wa Sajeni Dikirani

Kusilikali ankamutchula Sajeni Dikirani, chifukwa mawu amenewo sankachoka pakamwa pake. Lero ndi mlonda pageti la nyumba yosungira matayala, ndipo oyendetsa malole amamuimbira hutala ngati mbuzi yagona pamsewu.

Ntchito yake inali yogawa moto. Gulu likakumba maenje kuti liteteze malo, iye ankayenda dzenje ndi dzenje kuuza aliyense mbali yake: iwe kuyambira pachulu kukafika pamtengo wouma, iwe kuchokera pamtengopo mpaka kumlatho. Pambali pa mfuti yachiwaya ankakhoma zikhomo ziwiri kuti isapotokere kwa anzawo. Lamulo lalikulu linali lakuti mdani asanafike pamzere umene mkulu wa gulu wasankha, munthu asawombere. Wopupuluma amaululira mdani pamene pabisala anthu onse. "Kuona maso a nkhono n'kudekha," ankatero, anyamata n'kumamutsonya kumbali.

Koma tsoka silinunkha. M'gulu lomwelo munali mlamu wake, mlongo wa mkazi wake, munthu wanthabwala amene ankamubera fodya m'thumba n'kumugawirako yemweyo. M'mawa wina mlamuyo anatumidwa kutsogolo kukazonda. Dzuwa litakwera anatulukira akuthamanga, adani ali pambuyo pake, onsewo akadali kutsidya kwa ngalande imene inali mzere wa tsikulo.

"Bwana, tiwombere! Ndi mlamu wanu uyo!" anakuwa msilikali wa pachiwaya.

Pawailesi mkulu wa gulu anali atanenetsa kale kuti asawombere mpaka adani awoloke.

"Dikirani," anatero sajeni.

Mlamu anagwa kutatsala pang'ono kuti alumphe ngalandeyo. Adani anamudutsa n'kuwoloka, moto unawatsikira mbali zitatu nthawi imodzi, ndipo m'maenje muja simunafe ndi mmodzi yemwe. Akuluakulu anabwera nsapato zili waliwali, anam'pachika sajeni mendulo pachifuwa, kenako anakwera magalimoto awo kukadya.

Kunyumba mkazi wake sanafunse kanthu. Ankaphika, ankachapa, ankam'tenthetsera madzi osamba, koma anasiya kumuitana kuti "bambo a mwana" n'kuyamba "a Sajeni". Zinkamuwawa kuposa kutukwanidwa. Chimene ankafuna pamoyo wake chinali chimodzi basi: afotokoze, mkaziyo anene kuti wamukhululukira. Koma akangoyamba, mayi aja ankakumbukira mphika pamoto kapena zovala pachingwe. Mwana anakula, anakwatiwa, imvi zinatuluka, nkhani ili pomwepo.

Lamulungu lina masana anam'peza mkazi wake akusita yunifolomu ya ulonda patebulo. Sajeni anaimika mpando pakhomo n'kukhalapo, kuti lero pasakhale pothawira. Ndi chala anayamba kujambula patebulopo: ngalande apa, maenje apa, chiwaya uku.

"Musadzivutitse, a Sajeni," anatero mkaziyo osadzutsa mutu. "Wa pachiwaya uja anandiuza zonse pamaliro pomwe. Mukanawombera msanga, mizinga yawo ikanakukwirirani nonse m'maenjemo. Ndikudziwa."

"Ndiye ndikhululukireni, mayi a mwana."

"Ndikhululuke chiyani poti simunalakwe? Mukanakhala kuti munachita mantha, kapena simunamuone, bwenzi nditaiwala kalekale. Koma inu munamuona bwinobwino, n'kuchita zolondola. Akazi a anzanu mpaka lero amandithokoza pamsika, ine n'kumayankha kuti zikomo."

Anatembenuza malaya n'kusita kolala, kenako anaimika simbi.

"Chimene sanandiuze ndi ichi. Akuthamanga muja, anakuitanani?"

Bodza linali pafupi, ndipo likanam'pulumutsa. Koma munthu amene moyo wake wonse anaphunzitsa anzake kunena zimene aona, lilime linam'kanika.

"Anaitana."

"Anati Sajeni, kapena anati alamu?"

"Anati alamu."

Mkaziyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, anapinda malaya aja bwinobwino n'kumuikira pamiyendo.

"Sunthani mpandowo ndidutse, a Sajeni."