Buledi wa Achemwali pa Gome la Mgonero

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene ndinaphunzira kuti munthu ukhoza kunena zoona zokhazokha koma n'kupasula nazo banja. Tinkakhala m'mudzi wina kumadzulo kwa Nambuma, ulendo wa ola limodzi ndi theka wapansi. Bambo anali mkulu wa mpingo, munthu wosadziwa kukhota. Amayi, a Nabanda, ndiwo anapatsidwa udindo wobweretsa buledi wa Mgonero, umene unkachitika miyezi itatu iliyonse abusa akabwera pa njinga yamoto. Ine ndinali mwana wa kalasi, wokonzekera kudzayamba kudya nawo Mgonero, ndipo mayankho onse ndinkawadziwa pamtima. Kunena zoona ndinali kamtsikana kodzimva, kapakamwa, kokonda kukonza ngakhale akuluakulu akaphonya vesi.

Ndinali ndi achemwali anga amodzi okha, a Esinati, ondiposa ndi zaka zisanu ndi zinayi. Iwo anakwatiwa ndi a Saidi, Msilamu amene anali ndi tiyirumu ndi uvuni wa njerwa pa Nambuma pomwepo. Atalowa Chisilamu, dzina lawo linachotsedwa m'kaundula wa mpingo, ndipo bambo analamula kuti pasapezeke wa pakhomo pathu woponda kumeneko. Amayi sanatsutse. Anangowerama n'kupitiriza kusenda mtedza.

Koma Loweruka lililonse loti mawa lake kuli Mgonero, amayi ankandipatsa dengu ndi kansalu koyera, n'kunena mokweza kuti ndikatenge buledi kumsika. Akandiperekeza pang'ono mpaka kuseri kwa khola, ankandinong'oneza kuti, "Ukadzere kuseri kwa tiyirumu." Kumeneko ndinkapeza achemwali ataphika kale buledi mmodzi wosiyana ndi wogulitsa. Anali wopanda shuga, wolimba bwino, woti ukamamudula tizidutswa ting'onoting'ono asanyenyeke. Ankadziwa zimenezi chifukwa ali mtsikana ndiwo ankathandiza amayi kudula. Ndikafika naye kunyumba, amayi ankayamba amununkhiza kaye asanamuike m'mbale. Lamulungu, ife ana titakhala kumbuyo, ndinkaona kuti mbale ikawafika, amayi ankagwira kachidutswa kawo nthawi yaitali kuposa anzawo onse asanadye. Ndinkaganiza kuti ankapemphera kwambiri.

Chaka chimenecho, patatsala sabata imodzi kuti ifike Pasaka, pa Nambuma panachitika mtsutso. Linali tsiku la msika, ndipo ine ndinatumidwa kuchigayo. Pabwalo anaika matebulo awiri ndi zimkuzamawu ziwiri. Uku kunali mlaliki wochokera kutauni, uku shehe wachinyamata, aliyense ndi buku lake m'manja. Mlaliki ankati Yesu anapachikidwa, anafa, nauka tsiku lachitatu, ndipo popanda zimenezo palibe chipulumutso. Shehe ankati Mulungu sakanalola mneneri wake kuchititsidwa manyazi chotero, koma anamukweza wamoyo, ndipo anthu anangoona ngati amupachika. Wina akalasa mnzake ndi funso, mbali yake inkakuwa ngati kwalowa chigoli. Ndinaiwala za chimanga changa. Ndipo pakati pa anthu okuwawo ndinaona alamu anga a Saidi akuomba m'manja, mano onse pamtunda, pamene shehe anafunsa kuti Mulungu angafe bwanji. Mtima wanga unapsa, ndipo sunazizire sabata yonseyo.

Loweruka litafika ndinapita kukatenga buledi wa Mgonero wa Pasaka monga mwa masiku onse. Fungo lake linandichingamira ndisanakhote pangodya. Achemwali anali atavala mpango kumutu, mimba itangoyamba kuoneka, ufa uli mbuu m'mikono. Sindinadikire ngakhale kuti andipatse moni.

"Achemwali, kodi Yesu anafa pamtanda kapena sanafe?"

Anandiyang'ana, kenaka anapitiriza kukulunga bulediyo m'kansalu ka amayi.

"Iwe Rute, zimenezo azikangana eni mabuku. Ine chimene ndikudziwa n'chakuti mawa amayi adya buledi wochokera m'manja mwanga."

Ine ndinaona ngati akuzemba funso. Njira yonse yobwerera ndinkalimbana ndi maganizo. Kukalasi anatiphunzitsa kuti buledi wa Mgonero amaimira thupi limene linanyemedwa pamtanda. Nanga aphikidwe bwanji m'nyumba imene amati thupilo silinanyemedwe n'komwe? Ndinadziona ngati msilikali wa choonadi. Nditafika kunyumba sindinapite kwa amayi. Ndinalunjika kuchigafa kumene bambo ankasoka fodya, n'kuwauza zonse, dengu lili pamutu.

Bambo sanakalipe. Anasiya singano, napukuta manja awo omata utomoni wa fodya pa buluku, n'kuitana amayi.

"Nabanda, kodi zimene akunena mwanayu n'zoona?"

"N'zoona."

"Kuyambira liti?"

"Zaka zitatu."

Masana omwewo bambo anakaitula okha nkhaniyo kwa akulu anzawo. Ena mwa akuluwo anati buledi ndi buledi, ufa ulibe chipembedzo. Koma mlandu unakula chifukwa amayi anabisa, ndipo bambo anakana kuti mkazi wawo achitiridwe chifundo chimene sichikanachitikira wina. Amayi anaimitsidwa Mgonero kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo udindo wawo unapatsidwa kwa mayi wina.

Lamulungu la Pasaka limenelo sindidzaliiwala. Mpingo wonse unkaimba za manda opanda kanthu, pamene amayi anga anakhala kumbuyo pamzere wa oimitsidwa, pafupi ndi ife ana. Mbale inadutsa patali, itadzaza ndi buledi wa m'golosale wonyenyekanyenyeka. Ine ndinkayembekezera kuti wina andiyamikira, koma palibe anatero. Pobwerera kunyumba amayi sanandimenye kapena kundikalipira. Anangoti, "Wapambana mtsutso, mwana wanga. Nanga ine ndizimuonera pati mwana wanga winayo?"

Lolemba bambo anandituma kuti ndikabweze bulediyo kumene ndinamutenga. Ndinamuika patebulo pafupi ndi uvuni, mutu uli pansi. Achemwali anafunyulula kansaluko, naona kuti sanadulidwe ngakhale pang'ono, ndipo anamvetsa zonse popanda kuuzidwa. Anangofunsa kuti, "Amayi ali bwanji?" Ndinati ali bwino. Anapinda kansaluko bwinobwino n'kundibwezera, nandipatsanso sikono yotentha kuti ndizidya m'njira. Ndinaidya yonse ndisanatuluke m'msika. Tsiku limenelo ndi limene ndinawaona komaliza.

Mgonero wa mu Juni unadutsa ine osatumidwa kulikonse. Kenaka kunatentha, ndipo linafika Loweruka lokonzekera Mgonero wina, tsiku limene amayi ankayenera kubwezeretsedwa pamaso pa mpingo. Anachapa bulauzi yawo yoyera, ndipo tonse tinapita kutchalitchi m'mawa. Mapemphero ali mkati, ndinasuzumira pawindo ndipo ndinaona nkhalamba ina itavala mkanjo ndi kachisoti koyera ikutsamiritsa njinga pamtengo wa mango. Ndinaizindikira. Anali amalume a alamu anga. Anayandikira khomo, koma atamva kuti abusa akupemphera, anabwerera n'kukakhala pamuzu wa mtengo uja. Kwa iwo kunali kupanda ulemu kudula anthu pakati pa pemphero, makamaka m'nyumba ya chipembedzo cha eni ake.

Ndikanatha kutuluka. Ndinali pafupi ndi khomo, ndipo ana ankatuluka nthawi zonse kukamwa madzi. Koma ndinaganiza kuti abwera ndi nkhani ya buledi, ndipo ndinaopa kuti bambo angandione ndikulankhula nawo. Choncho ndinakhala. Ulaliki unatalika, nyimbo zinaimbidwa, maina anawerengedwa limodzilimodzi. Amayi anaimirira, nalandiridwanso, nkhope yawo ikuwala. Nkhalamba ija inadikira pansi pa mtengo kwa maola atatu.

Titatuluka, inaimirira n'kuyandikira bambo, manja ali kumbuyo.

"Pepani, akuluakulu. Ndabwera ndi uthenga wa zovuta. Mwana wanu watisiya m'mawa uno pochira, ndi khanda lomwe. A kwathu anati ayesetsa kukudikirani, koma pemphero la masana likatha sangathenso kumusunga."

Kwathu maliro amagona, amadikira abale ngakhale a kutali. Kwa anzathu a Chisilamuwo munthu amaikidwa tsiku lomwelo, ndipo dzuwa linali litapendeka kale. Bambo anakwera njinga ya nkhalamba ija. Ine ndi amayi tinathamanga wapansi, amayi atavula nsapato, bulauzi yoyera ija ikusanduka yofiira ndi fumbi. Ngakhale bambo sanapeze kanthu. Anakumana ndi amuna akuchokera kumanda, makasu ali paphewa.

Tinafika anthu atakhala m'magulumagulu kuseri kwa tiyirumu. Amayi anapempha kuti angoona nkhope ya mwana wawo, ndipo azimayi a kumeneko anangolira nawo, poti panalibenso choti awaonetse. A Saidi anabwera, maso ali psuu, nagwada patsogolo pa apongozi awo. Anati anachedwetsa mwambo mpaka akuluakulu a kumzikiti anayamba kudandaula. Kenaka anatitengera pafupi ndi uvuni. Patebulo panali beseni lovundikira ndi nsalu, ndipo ufa wokanda unali utafufuma mpaka kusefukira m'mbali.

"Anakanda dzulo madzulo, mimba isanayambe kupweteka," anatero a Saidi. "Anamva kuti mawa mukubwerera ku Mgonero. Mu Juni anaphikanso buledi, n'kumuika padera mpaka anachita chuku. Ndinamuuza kuti sikubwera munthu, koma iye anati mwina Rute abwera."

Amayi anamiza manja onse awiri mu ufa uja n'kulira kulira kumene sindinakumvenso pa maliro ena alionse. Bambo, amene kwa zaka zitatu sanatchule dzina la Esinati, anakhala pansi padothi n'kumangoti, "Mwana wanga, mwana wanga." Ine ndinaima pakhomo, ndipo palibe anandiloza chala. Ndikanakonda akanandimenya.

Papita zaka zambiri tsopano. Bambo ndi amayi anapita, a Saidi nawonso anamwalira ali m'chipembedzo chawo, ndipo mpaka imfa yawo sanasiye kutitcha abale. Ine chikhulupiriro changa sichinasinthe. Ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti Yesu anafa nauka, ndipo Msilamu mnzanga akandifunsa ndimamuuza choncho mosabisa, iyenso n'kundiuza zake. Chimene ndinachimvetsa mochedwa n'chakuti achemwali sankazemba funso langa tsiku lija. Gome la Mgonero ndi la anthu amene anadana n'kuyanjanitsidwa, ndipo iwo, amene dzina lawo linafufutidwa, anapeza kanjira kamodzi kokha kofikira pakamwa pa mayi wawo. Ine amene ndinkadziwa mayankho onse ndine ndinakatseka. Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiola, ndipo n'zoona, koma fupa limathyoka, ndipo lathu linathyokera m'manja mwanga.

Lero mumpingo mwathu ndine amene ndimadula buledi wa Mgonero. Ndimamuphika ndekha, wopanda shuga, wolimba, ndipo ndimamukulunga m'kansalu kaja, ngakhale kanatha m'mbali. Mbale ikandifika, ndimagwira kachidutswa kanga nthawi yaitali kuposa anzanga onse, ndipo ana okhala kumbuyo amaganiza kuti ndikupemphera kwambiri. Sadziwa kuti maso anga amakhala ali pawindo, pamene pali nkhalamba ikudikira pansi pa mtengo wa mango, ndipo ine ndikudziuza kuti, "Rute, dzuka, tuluka ukafunse chimene abwerera."