Tadala anakhwimira pachifuwa cha agogo

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Namakhwa, ndimamva fungo la girisi ndi fodya wopichira lomwe linakanirira m'jekete lawo, ngakhale anali atapuma kalekale ntchito ya njanji ku Limbe. M'mawa uliwonse ankakhala pakhonde kwathu ku Mpingwe, utsi uli tolotolo, akupukuta nsapato zomwe sankapita nazo kulikonse.

Ndili ndi zaka khumi, mng'ono wanga Tadala anabadwa pa miyezi isanu ndi iwiri. Bambo anali ku Joni, amayi anadwalika osatha n'kudzuka komwe, choncho wokaona mwana kuchipatala anali agogo, ine ndili pambuyo. Kamwanako kankapuma mobanika, nthiti zikuphwa, timapaipi tili m'mphuno.

Dokotala wamkazi anawafotokozera kuti mapapo amayamba ngati kamphukira mwana ali m'mimba, n'kumachita nthambi, ndipo amachedwa kukhwima. Anati chimene chimauza nthambi iliyonse nthawi yophuka ndi majini. Agogo anadzidzimuka, poyesa kuti akunena ziwanda. Dokotalayo anaseka, nati ayi, ndi malangizo amene mwana amatengera kwa makolo ake, ndipo malangizo a Tadala analibe vuto, kungoti ntchito inali isanathe.

"Ndiye kuti malangizo enawo ndi anga," anatero agogo. "Amalizire pa ine."

Atachoka pa makina omuthandiza kupuma, Tadala ankafunika kumangiriridwa pachifuwa cha munthu kuti azimva kutentha, koma anamwino anati wosuta sangamunyamule. Tsiku lomwelo agogo anataya m'ngalande fodya yemwe anamuyamba ali mnyamata. Ankalusa ndi zazing'ono zomwe, koma sanabwerere. Kwa masabata angapo ankaswera m'wodi yodzaza azimayi, malaya atavula, Tadala ali m'chitenje pachifuwa, akung'ung'udza nyimbo za Chilomwe. Anzawo a bawo ankawaseka kuti asanduka ntchembere, iwo n'kungoyankha kuti ntchembereyo ili pantchito.

Tsiku lina Tadala analira mokweza mpaka mawu kumveka panja. Agogo sanamutonthoze msanga. Anakweza chala kuti tonse timvetsere, misozi ikutsikira m'ndevu.

Lero ndine namwino wa ana obadwa masiku asanakwane. Bambo wina akamachita manyazi kuvula malaya, sindilimbana naye. Ndimangomuuza kuti ine ndine mdzukulu wa mwamuna amene anachita zimenezi anzake akumuseka, ndipo mwana amene anamunyamulayo pano ali ndi ana ake awiri. Kenako ndimamukokera mpando.